“Yangokalika chabe”: kufufuza njinga yamoto imene yagwa ikuyenda pang'ono



Tsiku lina Lachinayi, titangoswali Asr, ndinabwereka njinga yamoto ya mlamu wanga kuti ndikazonde mwana wa pamadrasa pathu amene anajomba sabata yathunthu chifukwa cha malungo. Mudzi wawo uli chakumtunda kwa msewu wochoka ku Mangochi kupita ku Malindi, ndipo kanjira kolowera kumeneko ndi ka mchenga wokha-wokha. Ndinali pa giya yachiwiri, liwiro loti mnyamata wa njinga yakapalasa akanatha kundipitirira. Pokhota pamtengo wa mango panatulukira mbuzi. Ndinafinya buleki yakutsogolo, tayala linaterera, ndipo ndinangozindikira ndili pansi, njinga itandigonera mwendo wakumanzere, ana a m'mudzimo akuseka.

Ndinadzuka, n'kusasa kanzu. Galasi loonera kumbuyo linali litasweka, indiketa ikulendewera pa waya. Nditaponda kiki kangapo injini inalira bwino-bwino. Madzulo pobweza njingayo ndinauza mlamu wanga kuti, “Alamu, ndinagwa nayo pang'ono, koma yangokalika chabe. Galasi ndigula.”

M'mawa mwake, nthawi ya kadzutsa isanakwane, anali atafika kale pakhomo panga. Iye ndi wa kabaza, ndipo njinga imeneyi ndiyo imadyetsa banja lake. “Alamu,” anatero, “njinga ija mahandulo akuloza kwina, tayala likuloza kwina. Ndanyamula mayi ndi khanda lake kupita nawo kuchipatala, koma njira yonse mtima uli m'mwamba.” Tinaikankhira kwa fundi wina wachikulire wa pamsika, ndipo zimene ndinaona m'mawa umenewo, pamodzi ndi zimene ndakhala ndikufunsa ndi kuwerenga kuyambira pamenepo, ndi zimene ndikufuna tigawane.

Kugwa pang'ono sikuchepa

Timapeputsa ngozi yotere chifukwa liwiro linali lochepa. Koma tiyeni tiwerengere. Chinthu chimene chikuyenda makilomita 20 pa ola chikaima mwadzidzidzi, mphamvu yake imafanana ndi ya chinthu chomwecho chitagwa kuchokera pamtunda wa mita imodzi ndi theka. Pa makilomita 30 pa ola, zili ngati kugwa kuchokera pa mamita atatu ndi theka, kutanthauza padenga la nyumba. Njinga za 125cc ndi 150cc zimene zadzaza m'misika yathu zimalemera kuposa makilogalamu 100 musanakwezepo munthu kapena dengu la usipa. Kulemera konseko kumatsikira pa malo ang'ono-ang'ono: nsonga ya handulo, chopondera phazi, ndi tayala lakutsogolo. Galasi ndi utoto ndi zimene maso amaona msanga, koma sizimene zingakugwetseninso. Ndipo injini kulira si umboni woti njinga ili bwino, chifukwa injini ndiyo mbali imene imavulala kawiri-kawiri mochedwa kuposa zina zonse pa ngozi ya mtundu uwu.

Musanayang'ane chitsulo, dziyang'aneni nokha ndi amene munanyamula. Ngati mutu unagunda pansi, ndipo pambuyo pake munthu akusanza, akuodzera, mutu ukupwetekera-pwetekera, kapena sakukumbukira m'mene anagwera, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo. Chilonda cholowa dothi chitsukidwe ndi madzi oyera ndi sopo, ndipo mufunse za katemera wa kafumbata. Ekizozi imawotcha, choncho amene munanyamula achotseni msanga pafupi ndi njinga, ndipo pamene papsapo muthirepo madzi ozizira kwa mphindi 20, osati mafuta ophikira kapena mankhwala otsukira mano monga ena amachitira.

Pamalo pomwepo

Choyamba zimitsani injini ndi kutseka kampopi ka petulo. Injini ikamalira itagona cham'mbali, oyilo amathawira mbali imodzi ndipo pampu imangokoka mpweya. Komanso kabuleta ikapendekeka imataya petulo, ndipo petulo pa injini yotentha si wosewera naye. Mukaidzutsa njinga, ilekeni iime mphindi zingapo.

Ikavuta kulira musadabwe, nthawi zambiri imakhala kuti yamwa petulo wambiri. Tsekani tchoki, tsegulani akiseleta yonse, pondani kiki kangapo. Ikakanabe, masulani pulagi muiumitse. Koma kiki ikalimba osafuna kutsika, musailumphire ndi thupi lonse: mwina petulo kapena oyilo wadzaza pamwamba pa pisitoni, ndipo madzi-madzi safinyika ngati mpweya, mungapinde chitsulo cha m'kati. Chotsani pulagi, pondani kiki kuti zituluke, kenako bwezerani. Utsi woyera wotuluka kwa mphindi zochepa ndi oyilo amene analowa molakwika akupsa, umatha wokha. Tsegulaninso bokosi la sefa ya mpweya, chifukwa oyilo amakonda kukathera m'menemo. Amene batire yawo ndi yothira madzi aone ngati asidi sanatayikire pa felemu. Ngati watayika, tsukani ndi madzi osungunuliramo soda wophikira therere.

Musanakwerenso, pali zinthu ziwiri zosafunika kuzidumpha ngakhale mukuthamangira Jumu'ah. Potokolani akiseleta ndi kuisiya: iyenera kubwerera yokha, msanga, ndi kaphokoso. Yesani mahandulo ali pakati, kenako mutakhotetsera kumanja konse, kenako kumanzere konse. Mchenga wolowa m'kati mwa chogwirira, kapena nsonga ya handulo yophwanyika, zimachititsa kuti moto ukakamire. Ngati injini ikukwera yokha pamene mukukhotetsa mahandulo, ndiye kuti kebulo yakokeka, ndipo njinga yotero ikankheni, musaikwere. Chachiwiri, finyani mabuleki onse awiri mwamphamvu mukuikankha njinga, muone ngati akugwira ndiponso ngati akusiya.

Kupotoka ndi kupindika n'zosiyana

Apa ndi pamene fundi uja anandiphunzitsa chinthu. Mlamu wanga anali atawerengera kale mtengo wa mashoko atsopano akutsogolo, ine thukuta lili kamu-kamu podziwa kuti ngongoleyo ndi yanga. Koma mkuluyo anangoseka. “Mwalimu, khalani pansi. Tione kaye ngati apindika kapena angopotoka.”

Mashoko akutsogolo ndi mapaipi awiri ogwidwa ndi zitsulo ziwiri zopingasa, china pamwamba pamene pakhala mahandulo, china pansi pake, ndipo kumunsi kweni-kweni amalumikizidwa ndi ekiselo ya tayala. Njinga ikagwa, handulo imamenya pansi n'kukankhidwira mbali imodzi pamene tayala lakanirira mumchenga. Zikatero mapaipi aja amaterera pang'ono m'zogwirira zawo, chitsulo chapamwamba n'kuloza kwina, chapansi kwina. Palibe chapindika, zangosemphana. Ichi ndicho chimachitika kawiri-kawiri pa kugwa kwa pang'ono, ndipo kukonza kwake sikufuna kugula kanthu.

Mkuluyo anavula timalabala takuda tophimba mapaipiwo, natenga kachidutswa ka galasi la zenera, n'kukagoneka mopingasa pa mapaipi onse awiri. Galasi silinama: ngati mapaipi ali pamzere umodzi limakhala phee, ngati asemphana limagwedera pa ngodya. Lathu linagwedera. Kenako anaimika njinga pa sitandi yaikulu, namasula pang'ono nati ya ekiselo, mabawuti a madigadi, mabawuti ofinya a chitsulo chapansi chija, ndi nati yaikulu ya pakati pa chitsulo chapamwamba. Mabawuti ogwira mapaipi pamwamba sanawakhudze, chifukwa mukamasula zonse njinga imatitimira pa mashoko ake. Anapanikiza tayala pakati pa mawondo ake, nakoka mahandulo mpaka analoza pamodzi ndi tayala, kenako anatsitsa njinga pasitandi ndi kudinikiza mashoko pansi kasanu kapena kasanu ndi kamodzi kuti zonse zipeze malo ake. Pomanga anayambira kumwamba kutsikira pansi, ekiselo pomalizira. Galasi litabwerera, linakhala osagwedera.

Anyamata ambiri a kabaza amachita zofanana ndi zimenezi mwachidule: amakankhira tayala pamtengo kapena pakhoma n'kukoka mahandulo mwamphamvu osamasula bawuti iliyonse. Njinga imaoneka ngati yawongoka, ndipo kuti mufike kunyumba zimathandiza. Koma zitsulo zimatsala zili zokakamizidwa, mashoko sayenda momasuka, ndipo mwina mwabisa paipi imene yapindikadi.

Paipi yopindika ili ndi zizindikiro zake. Imapindika nthawi zambiri pansi peni-peni pa chitsulo chapansi chija, pamene timalabala timabisa. Yang'anani ngati siliva wonyezimira wachita timing'alu kapena kamkwinya pamenepo. Onani ngati oyilo akutuluka pa silo. Finyani buleki yakutsogolo ndi kudinikiza: mashoko abwino amatsika ndi kukwera mofewa, opindika amakakamira panjira. Imani patali cham'mbali muone ngati tayala layandikira injini kuposa kale. Izi zimachitika makamaka ngati munagunda chitsa, mwala kapena ngolo, osati kungoterera. Mayeso otsiriza ndi kuchotsa paipiyo ndi kuigudubuza pa galasi lathyathyathya. Yowongoka imagudubuka mosalala, yopindika imadumpha-dumpha ndipo kuwala kumaoneka pansi pake. Ekiselo nayonso imayesedwa chimodzi-modzi. Alipo amisiri odziwa kuwongola paipi yopindika pang'ono pa makina ofinyira, koma imene yachita mkwinya itayeni. Ndipo kuiotcha pamoto kapena kuimenya ndi hamala pagoli la mtengo, ine sindingalole kuti pa njinga yotero pakwere mwana wanga.

Muli pomwepo, onani khosi la njinga. Tukulani tayala lakutsogolo lichoke pansi, mnzanu atatsamira kumbuyo, ndipo yendetsani mahandulo pang'ono-pang'ono uku ndi uku. Ngati pakati pali pamene akukodwa ngati alowa m'kadzenje, mabelingi a m'khosi adinda. Gwirani mashoko kumunsi ndi kuwakoka kutsogolo ndi kumbuyo. Kugogoda kulikonse ndi chizindikiro choti khosi lamasuka. Pa khosi pomwepo pali katsulo kotchinga kuti mahandulo asapitirire malire. Ngati tsopano akukhota kwambiri mbali imodzi mpaka kugunda thanki, katsuloko kapindika kapena kathyoka, ndipo zikusonyeza kuti nkhonya inali yaikulu. Pukutani fumbi pamalo owotcherera a felemu kuzungulira khosi. Utoto sutambasuka monga chitsulo, choncho pamene chitsulo chapindika utoto umang'ambika kapena kutukumuka. Mukaona zotero, nkhaniyo yaposa ya sipanala ya pakhomo.

Mahandulo enieniwo kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani chingwe, yezani kuchokera pa nati ya pakati pa khosi kufika kunsonga ya kumanja, kenako ya kumanzere, ndiponso kuchokera pansi kufika pa nsonga iliyonse njinga itaima chilili. Miyeso ikasiyana, apindika. Mahandulo ndi chimodzi mwa zitsulo zotsikirapo mtengo pa njinga yonse. Gulani ena.

Matayala ndi mzere wake

Zungulitsani tayala lili m'mwamba, mutagwira choko kapena kamtengo pafupi ndi limu, dzanja litatsamira pa shoko. Mabuku a amakanika a njinga zazing'ono amalola kuti limu lipepeluke mpaka mamilimita 2. Kupitirira apo lifunika kuwongola. Gogodani masipoko limodzi-limodzi ndi sipanala: lomangika limalira “ngwee”, lomasuka limangoti “phu”. Limu la masipoko limawongoleka ndi mmisiri wodziwa, monga m'mene amachitira ndi njinga yakapalasa. Koma malimu oumba a aluminiyamu amene akubwera ndi njinga zambiri masiku ano sapindika kwambiri, amang'aluka. Limu lotere likang'aluka, kuwotcherera n'kudzinamiza. Onaninso pakati pa tayala ndi limu, poti kwathu kuno mchenga ndi udzu zimalowa pamenepo, ndipo pa tayala lopanda chubu mpweya umayamba kutha pang'ono-pang'ono.

Kuti mudziwe ngati tayala lakumbuyo likutsata lakutsogolo, kulungani chingwe chachitali kumbuyo kwa tayala lakumbuyo, chakumunsi, ndi kukokera nsonga zonse ziwiri kutsogolo mpaka chingwe chingokhudza m'mbali mwa tayalalo. Popeza lakumbuyo ndi lonenepa, lakutsogolo liyenera kukhala pakati, mpata wa kumanja ukhale wofanana ndi wa kumanzere. Mipata ikasiyana, musathamangire kuweruza felemu. Yambani mwaona timizere ta pa zokokera tcheni, chifukwa tayala lakumbuyo limatha kusuntha mbali imodzi. Ngati timizere tikufanana, mashoko mwawongola, koma chingwe chikukanabe, ndiye kuti felemu kapena foloko yakumbuyo yapindika. Ife a kunyanja tili ndi mwayi wina: yendetsani njinga molunjika pa mchenga wonyowa wolimba, mutembenuke muone. Njinga yabwino imasiya mkwasa umodzi, yopindika imasiya iwiri yoyandikana.

Inagwera mbali iti?

Funso limeneli fundi aliyense wabwino amafunsa, ndipo muyankhe zoona. Kumanzere kuli liva ya kilatchi, chopondera magiya, sitandi yaing'ono ndi chivindikiro cha maginito. Chopondera magiya chikapindika sichidetsa nkhawa, koma onani kamtengo kachitsulo kamene chimalowapo, kochokera m'kati mwa injini. Kakapindika, magiya amalimba, chopondera sichibwerera chokha, ndipo oyilo amayamba kudontha pamenepo. Kumanja kuli liva ya buleki, chopondera buleki yakumbuyo, kiki, ekizozi, ndi chivindikiro cha kilatchi chimene kuseri kwake kuli oyilo wa injini. Chopondera buleki chopindika chimatha kukodwa pa ekizozi kapena kusiya buleki itagwira pang'ono. Mukayenda kilomita imodzi osaiponda, gwirani dilamu yakumbuyo mosamala, ikatentha ndiye kuti ikukhuza. Onaninso kachitsulo kogwira mbale ya buleki yakumbuyo kuti isazungulire, ngati nati yake ndi kapini kake zilipo.

Pa njinga zambiri zotengera kapangidwe ka Honda CG 125, chitsulo cha zopondera mapazi chimamangidwa ndi mabawuti kunsi kwa injini yeniyeniyo. Njinga ikagwera pa chopondera, nkhonya imapita pa mabawutiwo, ndipo nthawi zina imang'amba thupi la injini. Gwadani muyang'ane. Mng'alu waung'ono suoneka pa injini yakuda ndi fumbi, choncho tsukani, umitsani, lizani injini mpaka itenthe, muwaze ufa woyera pamalo amene mukukayikira. Pamene ufa wada, m'pamene pakutuluka oyilo.

Za maliva ndinenepo mawu awiri. Ndi a aluminiyamu woumba, ndipo chitsulo chimenechi sichikonda kupindidwa kawiri. Liva yowongoledwa ndi paipi imatha kukhala mwezi, kenako n'kuthyoka tsiku limene mwaifinya mwamphamvu, kutanthauza tsiku limene mwana wathamangira pamsewu. Ya buleki ikapindika, sinthani. Yang'ananinso chogwirira chake pa handulo, poti chimang'aluka pafupi ndi pomangira galasi. Pa njinga zambiri zazing'ono liva imayenera kuyenda mamilimita 10 mpaka 20 kunsonga isanayambe kukoka, ndipo chopondera buleki yakumbuyo 20 mpaka 30. Buku la njinga yanu likanena zina, tsatirani bukulo. Amene buleki yawo yakutsogolo ndi ya disiki aone paipi ya mafuta ngati sinakhuzike, ndipo liva ikafewa ngati siponji ndiye kuti mpweya walowa. Liva ikamagunda-gunda m'dzanja pomanga buleki, disiki yapindika.

Chipewa nachonso chimavulala mosaoneka. Chimene chimateteza mutu si chigoba chakunja chokha, koma chinkhupule choyera cholimba cha m'kati, chimene chimaphwanyika kuti mutu usaphwanyike. Chikaphwanyika sichibwereranso. Ngati mutu wanu unagunda pansi muli nacho, ntchito yake chagwira kale, ngakhale kunja kukungooneka kukalika.

Mawu kwa eni njinga

Njinga zambiri za kabaza m'maboma athu a Mangochi, Salima ndi Nkhotakota si za anyamata amene amaziyendetsa. Mwini wake ali kunyumba, kapena ali ku Johannesburg, akudikira ndalama ya tsiku kapena ya sabata. Mnyamata akagwa nayo amawongola pamtengo, amagula galasi lina mwakachetechete, ndipo sanena kanthu, chifukwa akudziwa kuti akanena alandidwa makiyi. Ine sindimuikira kumbuyo, pakuti njingayo ndi amana m'manja mwake, monga inalili m'manja mwanga tsiku lija pamene ndinati “yangokalika chabe” ndisanaiyang'ane n'komwe. Koma inu eni ake, ngati nkhani iliyonse ya kugwa mumailandira ndi ukali, dziwani kuti simudzamvanso za kugwa kulikonse, ndipo njinga yanu idzakhala ikunyamula anthu ndi liva yong'aluka inu osadziwa. Kuli bwino kugwirizana poyamba kuti akagwa anene, njinga ipume theka la tsiku kwa fundi, ndipo mtengo mugawane motani.

Chimodzi-modzinso pogulitsa. Amene tinaphunzira fiqh ya malonda tikudziwa kuti kubisa chilema cha katundu n'koletsedwa, ndipo wogula akachipeza pambuyo pake ali ndi ufulu wobweza. Felemu yopindika yopakidwa utoto watsopano ndi chilema chobisika ndithu. Inu ogula njinga yakale, pitani ndi chingwe ndi kachidutswa ka galasi, ndipo mukaona utoto wonyezimira pakhosi pokha pamene njinga yonse ndi yakale, funsani chifukwa chake.

Zonse zikatheka, yesani njinga muli nokha, opanda munthu kapena katundu, pamalo athyathyathya opanda anthu. Yambani pang'ono-pang'ono. Pa liwiro lochepa fewetsani manja pa mahandulo, osawasiya, mumve ngati ikukokera mbali imodzi kapena kugwedeza mutu. Mangani buleki iliyonse payokha. Lowetsani magiya onse, kukwera ndi kutsika. Usiku ikani katoni pansi pa injini ndi pansi pa mashoko, m'mawa muone ngati pali dontho. Pakapita masiku awiri bwerezani kumanga mabawuti onse amene munamasula.

Ife tinachita zimenezi, ndipo katoni inatuluka youma. Koma tsiku lachitatu, mlamu wanga akubwereza mabawuti, anandiitana kuti ndione chogwirira cha liva ya kilatchi. Kunsi kwake, mbali imene sitinayang'ane ngakhale ndi fundi yemwe, kunali mng'alu wopyapyala ngati tsitsi, wodutsa theka la chitsulocho. Anachifinya kawiri ndi dzanja limodzi, chinathyokera m'manja mwake. Ndinagula china pamodzi ndi galasi ndi indiketa, ndipo Lachisanu lake anandinyamula kupita ku Jumu'ah, ine nditakhala kumbuyo.